Chepetsani mitanda, nsima musaitaye

Anzanga, ambiri mwakhala mukufunsa: kodi kuti thupi litsike, nsima tisiyiretu? Ayi ndithu. Vuto n'kuchulutsa. Ngati mumadya mitanda inayi, bwererani pa iwiri ya mgaiwa, muchulutse nkhwani wotendera, nyemba, usipa kapena mazira. Zimenezi zimakhalitsa m'mimba. Zoti muchepetse kwambiri ndi shuga wa mu tiyi, Sobo, mandasi ndi tchipisi zapamsika wa Msundwe.

Kenako thukuta lituluke. Bungwe la WHO limati mphindi 150 pa sabata, ndiye kuti 30 patsiku, masiku asanu. Yendani ndawala m'malo mokwera kabaza, tchovani njinga, menyani mpira.

Oyembekezera ndi amene mukumwa mankhwala a shuga, yambani mwafunsa kuchipatala. Cholinga chathu n'kupewa BP ndi matenda a shuga, osati kudzikhaulitsa ndi njala.