Zaka 50 za Mpingo Wathu pa Chinyunyu: Tisasiyire Ena Nkhani za Mudzi

Mawu amene mmodzi wa akulu a mpingo analankhula pa tsiku la chikondwerero, mu 2025



Komiti yokonza chikondwerero inandipempha kuti ndilankhule za mpingo ndi moyo wa mudzi wathu. Mbiri ya mpingo ndi mayina a abusa amene atitumikira mudzawerenga m'kabuku ka chikondwerero. Ine ndilankhula za mwambo umodzi umene mpingo unatiphunzitsa, umene lero ukufunika kwa anthu onse a pa Chinyunyu.

Mu 1975 makolo athu anayamba kupemphera pansi pa mtengo, kenaka m'kachisi wa udzu. Njerwa za nyumba imene takhalamo lero anaumba okha. Abambo ankaponda dothi, amayi ankatunga madzi, anyamata ankatuta nkhuni zootchera. Ndalama zinali zochepa, koma iliyonse inkadziwika kumene yapita. Mwezi ukatha msungichuma ankaima pamaso pa mpingo n'kuwerenga zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo aliyense anali ndi ufulu wofunsa. Ena mwa inu mukukumbukira msonkhano umene unatha dzuwa litalowa chifukwa matumba awiri a simenti sanali kuoneka. Anapezeka m'nyumba ya mkhristu wina amene anawasungitsa kuopa mvula. Palibe amene anachoka mumpingo chifukwa chofunsidwa tsiku limenelo. Tinaphunzira kuti kufunsa za ndalama za anthu si chipongwe.

M'zaka zimenezo boma linali kutali. Munthu akafuna reji kapena kalata iliyonse ya ku ofesi, ankagulitsa nkhuku kuti apeze ya basi, n'kuyenda ulendo wa pa msewu wa Great East Road. Nkhani za dera lathu zinkagamulidwa ku Chongwe, ndipo ambiri a ife tinkangomva zotsatira zake. Tinazolowera kunena kuti za boma n'za eni ake.

Zinthu zinasintha. M'nthawi ya Pulezidenti Michael Sata, Rufunsa anachotsedwa ku Chongwe n'kukhala boma lakelake, lokhala ndi khonsolo yake. Kuyambira pa chisankho cha 2016, wapampando wa khonsolo timamusankha tokha ndi voti yathu. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 2019 likunena kuti wadi iliyonse ikhale ndi komiti ya chitukuko, imene timaitchula kuti WDC. Ndalama za chitukuko za dera la phungu, zimene tonse timazidziwa kuti CDF, zinali K1.6 miliyoni pa chaka mu 2021. Mu 2022 zinafika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinakwera kufika pa K36.1 miliyoni. Makolo athu amene ankawerenga mangwee a chopereka sakanakhulupirira kuti ndalama zotere zingalembedwe pa dzina la Rufunsa.

Ndalamazi zili ndi njira yake. Anthu a m'midzi amakumana n'kunena zimene akusowa, kaya ndi mjigo, chipinda chophunziriramo, mlatho kapena nyumba yodikirira amayi oyembekezera. Komiti ya wadi imasonkhanitsa zofunazo n'kuzipereka ku komiti ya CDF, ndipo zikavomerezedwa khonsolo ndiyo imayang'anira ntchito. Gawo lina limalipirira ana osauka amene ali ku sukulu za sekondale zogonera komweko ndi achinyamata ophunzira ntchito za manja. Gawo linanso limapita ku magulu a amayi ndi achinyamata, lina ngati thandizo, lina ngati ngongole. Mapepala ofunsira thandizoli amadzera ku wadi. Ndiye kuti khomo lolowera lili pafupi nafe, koma wosabwera ku msonkhano mawu ake salembedwa.

Pano ndiulule kulakwa kwanga. Chaka chatha, pamene chilala chinapsereza chimanga mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti dziko lili pa ngozi, mjigo wa kumudzi kwathu unaonongeka. Amayi athu ankadzuka tambala woyamba kukafuna madzi, atsikana ankachedwa ku sukulu. Tikatuluka m'kachisi muno tinkaima pabwalopo n'kumadandaula kuti boma latiiwala, ndipo ine ndinkakweza mawu kuposa anzanga. Tsiku lina ndinapita kukafunsa. Anandionetsa buku la msonkhano umene unachitika miyezi ingapo m'mbuyo, womva zofuna za anthu. A kumudzi kwathu amene analembetsa mayina sanakwane zala za dzanja limodzi. Uthenga wa msonkhanowo ndinaumva, koma ndinasankha kupita kudimba. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi manyazi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Abale ndi alongo, Malemba sakutilola kukhala alendo m'mudzi mwathu. Pa Yeremiya 29 mneneri akuuza anthu amene anali ku ukapolo ku Babulo kuti afunire zabwino mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera, popeza mtendere wawo unadalira mtendere wa mzindawo. Ngati akapolo anauzidwa zimenezo m'dziko la eni, nanga ife amene tili kwathu? Pa Nehemiya 3 tikuwerenga mndandanda wa anthu amene anamanganso linga la Yerusalemu: ansembe, osula golide, amalonda, ngakhale ana aakazi a mtsogoleri wina. Ambiri anakonza gawo loyang'anana ndi nyumba zawo. Gawo loyang'anana ndi nyumba yathu ndi wadi yathu.

Ndikupempha mpingo zinthu zitatu. Choyamba, msonkhano wa wadi uzilengezedwa muno pa nthawi ya zolengeza, monga timachitira ndi maliro ndi maukwati, ndipo tizipitako, amayi ndi abambo omwe. Chachiwiri, achinyamata odziwa kulemba azikhala pansi ndi amasiye ndi agogo olera adzukulu, kuwathandiza kudzaza mapepala a thandizo la sukulu nthawi isanathe. Mnyamata amene waphonya mwayi wophunzira ukalipentala chifukwa cha pepala losadzazidwa ndiye tidzamuona mawa akuotcha makala, ndipo mitengo ya m'mapiri mwathu ikutha. Chachitatu, ntchito ikayamba tizifunsa amene akumanga, mtengo wake ndi tsiku lomaliza. Ikatha tiziisamala. Mjigo uli ndi komiti yake, ndipo kangachepe kamene banja lililonse limasonkha pa mwezi ndiko kamagula chitsulo chikathyoka. Gulu limene latenga ngongole libweze, kuti gulu lina lidzapezepo.

Kwa inu a khansala ndi onse ogwira ntchito ku khonsolo, tikukuthokozani pobwera. Mukationa tikufunsa, musatiyese adani. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ife tidzabwera ku misonkhano yanu. Inu mutiuze tsiku nthawi ikadalipo, mutiwerengere ziwerengero m'chilankhulo chimene agogo amamva, Chisoli kapena Chinyanja, ndipo pempho lathu likakanidwa mutiuze chifukwa chake.

Chaka chamawa kuli chisankho. Mumpingo muno muli anthu a zipani zosiyana, ndipo onse amadya mgonero pa gome limodzi. Zitenje za chipani zitsale kunyumba, guwa ili lisasanduke nsanja ya kampeni. Madzi a pa mjigo amamwa aliyense, wovotera uyu ndi wovotera uyo.

Apaulendo amadziwa Chinyunyu chifukwa cha madzi otentha otuluka pansi. Amaima, amajambula zithunzi, n'kupitirira. Ife ndife otsala, ndipo ana amene aimba kwaya m'mawa uno ndiwo adzakonza chikondwerero cha zaka 100 mu 2075. Makolo anatisiyira nyumba yopemphereramo ndi mwambo wowerenga ndalama poyera. Nafenso tiwasiyire anawa mudzi umene anthu ake amabwera ku msonkhano, amafunsa mwaulemu, ndipo amasamala chimene chamangidwa.

Ambuye amene watisunga zaka 50 adalitse mpingo wake, adalitse mafumu ndi atsogoleri athu, adalitse Chinyunyu.