Agogo Apatsidwe Mpando pa Bwalo la Achinyamata a Mpingo



Mwana wa Mchewa masiku ano akukula ndi aphunzitsi awiri amene sapatsana moni. Loweruka masana amakhala pa gulu la achinyamata kutchalitchi, kuphunzira katekisimu ndi nyimbo za kwaya. Madzulo ake amakhala pakhonde ndi agogo, kumva za mizimu ya makolo, za mdulo ndi za mwambo wa maliro. Mtsogoleri wa achinyamata amaopa kuti akaitana nkhalamba alowetsa zachikunja m'nyumba ya Mulungu, pamene nkhalambayo imaopa kuti ana ophunzira aiseka. Wovutika ndi mwana, chifukwa amazolowera kubisa kutchalitchi zimene wamva kumudzi, nabisanso kumudzi zimene wamva kutchalitchi. Tsiku la maliro a agogo ake aamuna, amene anali munthu wa kudambwe, amasowa poima: kulira ndi abale pamene gule watuluka, kapena kukhala patali poopa chilango cha mpingo.

Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Amishoni a Dutch Reformed atafika ku Mvera mu 1889, ndi ansembe a White Fathers ku Mua mu 1902, analetsa akhristu awo kulowa Gule Wamkulu, ndipo mkanganowo unagawa midzi ndi mabanja. Komabe mbiri yomweyo ikusonyeza kuti mpingo sunathe kuyenda wokha. Ku Nkhoma, ataletsa chinamwali, anaona kuti atsikana akutha msinkhu opanda wowalangiza, choncho anakhazikitsa chilangizo, nasankha amayi okhwima m'chikhulupiriro kuti akhale alangizi. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, kumene zigoba za gule zimasungidwa ndi kufotokozedwa pafupi ndi tchalitchi. Omasulira Buku Loyera, posaka dzina loyenera Mulungu wa pangano, anatenga la Chauta, limene makolo ankatchula popempha mvula amishoni asanabwere. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Wachinyamata amene sadziwa zimenezi amaganiza kuti kukhala mkhristu n'kutaya dzina la mtundu wake.

N'chifukwa chake magulu a achinyamata m'mipingo ayenera kupereka mpando kwa agogo, ngakhale kamodzi pa mwezi. Kucheza kwake kukhale kwa mafunso enieni. N'chifukwa chiyani malume ali ndi mawu pa ukwati wa mwana wa mlongo wake? Ankhoswe amagwira ntchito yanji banja likagwedezeka? Kumeta maliro kumatanthauzanji? Mayankho akaperekedwa, abusa kapena akulu a mpingo atsegule Baibulo pamodzi ndi achinyamatawo, aone pamene mwambo ndi chikhulupiriro zigwirizana, monga pa kulemekeza makolo ndi kusamala amasiye, ndiponso pamene zisiyana. Zinsinsi za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake, ndipo palibe chifukwa chozifukulira pa bwalo lotere. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limene silifikidwa silizimitsa moto wa munthu.

Agogo nawonso abwere ndi makutu. Mdzukulu wa lero waphunzira za kachilombo ka HIV, ndipo akafunsa za kulowa chokolo kapena za fisi wa anamwali, funso lake si mwano. Akudziwanso kuti kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko la Malawi salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mtsikana akanena kuti akufuna kumaliza sukulu asanaganize za banja, alangizi a kumudzi ndi a kumpingo omwe ayenera kuima naye. Mwambo umene suyankha mafunso a ana umatha ndi amene akuusunga. Momwemonso mpingo umene umatcha chilichonse cha makolo kuti n'chamdima umalera ana ochita manyazi ndi owabala.

Malembo amakamba za Timoteo, amene chikhulupiriro chake chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Chinadutsa m'mibadwo itatu ya nyumba imodzi chifukwa anthuwo ankalankhulana. Mafumu amene asonkhana pa mwambo uno ali ndi abusa m'midzi yawo, ndipo abusawo ali ndi nkhalamba m'mipingo yawo. Chotsala n'chakuti akumane, asankhe tsiku, ayale mphasa pansi pa mtengo wa kutchalitchi, ndipo wachinyamata woyamba afunse funso lake mopanda mantha.