Masiku Anga Obadwa Amene Sindidzawaiwala

 

Sabata yathayi ndakwanitsa zaka 20. Mukudziwa kuti kumudzi kuno za tsiku lobadwa sitizilabadira kwenikweni. Ambiri timakalidziwira pa khadi la kusikelo, pamene aphunzitsi a Sitandade 8 afuna kulemba mayina a mayeso. Koma ine amayi anga salola kuti mwezi wa Juni udutse osandikumbutsa. Lero ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake.

Ndinabadwa mu 2005. Pa nthawiyo mankhwala a ma ARV anali atangoyamba kumene kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo anthu ambiri kumudzi ankaopa kuyezetsa magazi. Amayi anandiberekera pakhomo, osadziwa kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Ndinkadwaladwala, ndipo ndili ndi zaka zisanu anatiyeza tonse awiri. Tonse anatipeza nako.

Tsiku lobadwa loyamba kulikumbukira ndi la mu 2012, ndili ndi zaka 7. Amayi anagulitsa ndowa ya mtedza n'kundigulira Fanta ndi mabanzi awiri. Tinakhala pamkeka, ine ndikumwa pang'onopang'ono kuti isathe msanga. Nditawayang'ana ndinaona misozi. Ndinafunsa, "Amayi, mukulira chiyani?" Anangoti ndi utsi wa kukhitchini. Pano ndikudziwa kuti sankayembekezera kuti ndingafike zaka zimenezo.

Lachiwiri ndi la mu 2017, ndili ndi zaka 12. Zaka zonsezo ndinkamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, ndikuuzidwa kuti ndi a chifuwa. Koma mlongo wanga wamng'ono, wobadwa mu 2013, sankamwa. Madzulo a tsikulo ndinakana kumwa mpaka andiuze zoona. Amayi ananditengera kuseri kwa nkhokwe n'kundifotokozera zonse. Anandiuzanso kuti mlongo wangayo alibe kachilombo, chifukwa pamene anali ndi pakati pake iwo ankamwa ma ARV mokhulupirika ndipo anakachilira kuchipatala. Kuyambira mu 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo, ndipo ana ambiri apulumuka ndi njira imeneyi. Kunena zoona ndinakwiya. Ndinatha sabata osawayankhula amayi. Ndinkati, bwanji ine?

Lachitatu ndi limene ndimachita nalo manyazi, koma ndilinena kuti wina asadutse momwemo. Mu 2021 ndinali Fomu 2, ndikukhala m'nyumba yalendi pafupi ndi sukulu pamodzi ndi atsikana atatu. Botolo la mankhwala limachita phokoso, anzanga, ndipo ndinkaopa kuti andifunsa. Ndinayamba kudumphitsa masiku, kenako ndinasiyiratu kwa miyezi itatu. Ndinkadzimva bwinobwino, ndiye ndinkati palibe vuto. Tsiku limene ndinakwanitsa zaka 16 linandipeza ndili gone m'chipatala, mashingozi ali mbali yonseyi, chifuwa chosatha. Anamwino sanandikalipire. Anakhala pabedi n'kundiuza kuti ma ARV sapha kachilombo konse, amangokaletsa kuswana. Ukasiya kumwa, kamayambiranso kuchulukana ndi kuwononga chitetezo cha m'thupi, ndipo kakhoza kupima moti mankhwala aja osagwiranso ntchito. Ndi iwowo amene anandilowetsa m'gulu la achinyamata omwa ma ARV limene limakumana kuchipatala Loweruka. Kumeneko ndinaona kuti sindili ndekha.

Lachinayi ndi la chaka chatha, 2024. Panali mnyamata wina amene tinkakondana, ndipo pa tsiku langa lobadwa anandibweretsera chitenje. Anayamba kukamba za ukwati. Mtima unagunda, koma ndinamuuza mmene ndilili tisanapite patali. Anakhala chete, n'kunyamuka, osabweranso. Zinandipweteka kwambiri, sindikunamizeni. Koma mpaka lero sindinong'oneza bondo. Chimene chimandidandaulitsa ndi chakuti iye mwini sanayezetsepo. Anathawa munthu wodziwa mmene magazi ake alili, pamene ake sakuwadziwa.

Tsono chaka chino, 2025, amayi anapha nkhuku. Koma mphatso yeniyeni inali m'kabuku kanga ka kuchipatala. Zotsatira za vayiro lodi zinaonetsa kuti kachilombo kachepa kwambiri moti makina sakukaona. Sikuti ndachira ayi, ndizimwabe mankhwala moyo wanga wonse. Koma madokotala anatsimikiza kuti munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaoneka m'magazi sangapatsire mnzake pogonana. Tsiku lina ndidzakwatiwa, ndipo ndikhoza kudzabereka ana opanda kachilombo.

Anzanga, ine sindinasankhe. Ambiri a inu muli ndi mwayi wosankha. Kudziletsa ndi njira yabwino, ndipo palibe amene anafa chifukwa chodikira. Ngati mwayamba kale zogonana, gwiritsani ntchito kondomu nthawi zonse, chifukwa imatetezanso ku mimba zosakonzekera ndi matenda ena monga chindoko ndi chinzonono. Wina akakugwirira, kapena kondomu ikaphulika, thamangira kuchipatala pasanathe maola 72, kuli mankhwala otchedwa PEP amene angakuteteze. Kuyezetsa magazi ndi kwaulere m'zipatala za boma, ndipo malamulo amalola munthu wa zaka 13 kupita m'tsogolo kuyezetsa payekha. Ukapezeka nako, sudikiranso kuti udwale kaye: kuyambira mu 2016 aliyense amayamba mankhwala nthawi yomweyo.

Ndipo chonde tisiye kusalana. Chimene chinandigoneka m'chipatala ndili ndi zaka 16 chinali mantha oti anzanga andiseka. Mwina amene wakhala pafupi nawe lero akubisa botolo lake m'chikwama monga ndinkachitira ine.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku lako lobadwa likamayandikira, pita ukayezetse, ndipo utenge mnzako mmodzi. Amene akuchita mantha kupita yekha andipeze tikamaliza pano, ndidzamuperekeza.