NKHANI YA PA WAILESI: Kufunafuna Mbale za Makolo Athu

 Lero sitikamba za feteleza ai, koma za mbale za galamafoni.

Mayi wina wa kufupi ndi Muloza anatifunsa kuti angapeze kuti mawu a agogo ake, amene ankaimba banjo m'kagulu ka jazi pa esiteti ya tiyi. Mbale imene inali m'nyumba inapita ndi madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023. Iye sanawaone agogowo, ndipo akulu amene ankadziwa nyimbozo akutha.

Jazi ya kuno siinali ya malipenga monga ya ku New Orleans. Anthu obwera ku Joni ndi Wenela ankabwera ndi galamafoni ndi mbale za kwela, ndipo anyamata atamva anasema banjo zao ndi chitini cha mafuta kapena chikopa cha mbuzi, nakonzanso babatoni. Ndimo anatulukira magulu onga a Alan Namoko ndi Chimvu Jazz ku Thyolo, ndi a Daniel ndi Donald Kachamba ku Chileka, amene Gerhard Kubik anawajambula mu 1967. Magulu a m'midzi anali ochuluka, koma ojambulidwa anali owerengeka. Nchifukwa chake musayembekeze zambiri.

Kofunsa kulipo. Nyumba ya wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, inajambula oimba ambiri a m'midzi pa matepi. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno mu 1958, nalemba maina a oimba ndi malo. Zimene anajambulazo zikusungidwa ku Rhodes University, mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Koma kalata yongoti "agogo anga ankaimba" siithandiza munthu. Lembani dzina la gulu, mudzi, mfumu, chaka, ndi mawu oyamba a nyimboyo. Lembaninso dzina limene ankadziwika nalo pa ntchito, pakuti ambiri anasintha maina ku migodi.

Apa mpamene tikupempha inu mafumu. Itanani akulu pa bwalo, afotokoze amene ankaimba paukwati ndi pa mowa, ndipo mwana wa sukulu alembe. Gogo akakumbuka nyimbo, mjambuleni pa foni tsiku lomwelo, osati mawa.

Mukaipeza mbale m'sutikesi, musaipatse ana kuti aseweretse, ndiponso musaiyanike padzuwa monga ufa. Musaitsuke ndi parafini kapena madzi otentha. Ipukuteni ndi kansalu kouma, muiimike chilili pamalo osafika chinyezi, popeza mvula ya kuno mukuidziwa. Koperani m'buku zonse zolembedwa pakati pake, pamodzi ndi nambala. Ngakhale yosweka musaitaye, chifukwa nambala imeneyo ingathe kutsogolera ofunafuna ku inzake yathunthu.

Tsalani bwino, mpaka sabata la mawa nthawi yomwe ino.