Digiri ya masamu: kodi ndalama zathu zidzabwerera?

Mawu amene anayankhulidwa pamsonkhano wa mamembala ku Al Quoz, Dubai

Tikudziwa kuti ena mwachokera ku Sonapur, ena ku Jebel Ali, ndipo mawa m'mamawa basi ya kuntchito ikudikirani, choncho sitichedwa.

Nkhani ya lero yabwera ndi mnzathu wina amene amalondera kuno. Mwana wake wamkazi wasankhidwa kukaphunzira masamu ku University of Malawi, ku Zomba kuja ambiri timangoti ku Chanco. Kumudzi anthu agawanika. Ena akuti, "Masamu adzadya chiyani? Ameneyo angobwera ku Dubai ayambe kutumiza ndalama." Bamboyo anatifunsa kuti, "Abale, ndilipire kapena ayi?" Ife si maprofesa, ambiri tinalekera Fomu 4, koma kuwerengera ndalama ndiye timadziwa. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Tiyambe ndi zotuluka m'thumba. Digiri imatenga zaka 4. Fizi ndi gawo limodzi chabe. Pali lendi ngati mwana sanapeze malo ku hosteli, chakudya, thiransipoti, laputopu ndi bandulo ya intaneti. Muwonjezerepo ndalama zimene mwanayo akanapeza pa zaka zinayizo akanakhala pantchito. Musawerengere za chaka chimodzi n'kungochulukitsa kanayi, chifukwa mitengo kwathu siima. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Dirham yathu ndi yomangiriridwa ku dola, moti ikagwa kwacha timaona ngati talemera, koma pakapita miyezi yochepa mitengo ya shuga ndi lendi imatipeza.

Nanga zobwerera? Tinene zoona: palibe ntchito yolembedwa pachitseko kuti "wamasamu". Wophunzira unesi amadziwa kumene akupita, wamasamu amayenera kudzitsegulira njira. Koma njirazo zilipo. Mabanki, makampani a inshulansi ndi penshoni monga NICO ndi Old Mutual, Reserve Bank of Malawi, MRA, ndi National Statistical Office ya ku Zomba komweko, onsewa amafuna anthu odziwa manambala. Uphunzitsi wa kusekondale uliponso, ngakhale malipiro ake ndi ochepa ndipo boma limachedwa kulemba anthu. Mwana akakhoza bwino kwambiri, pali sukulu ya AIMS imene inayamba mu 2003 ku Cape Town, ndipo ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Amene asankhidwa kumeneko amaphunzira digiri yachiwiri osalipira fizi.

Dzina la yunivesite limathandiza, sitikana. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo olemba ntchito amadziwa kuti wolowa kumeneko anapikisana ndi anzake ambiri. Koma dzinalo limangomufikitsa mwana pa intaviyu. Chimene chimamupatsa ntchito ndi magiredi ake ndi luso lina loonjezera: sitatisitikisi, kulemba mapulogalamu a pakompyuta, kapena maphunziro a akaunti. Mwanayo ayambe zimenezi ali m'chaka chachiwiri, asadikire tsiku lovala gauni.

Tsopano apa ndi pamene tikufuna mutchere khutu. Ambiri timati, "Ndidzalipira ndi giratuwiti." Malinga ndi lamulo la ntchito la dziko lino limene linayamba kugwira ntchito pa 2 February 2022, giratuwiti ndi malipiro a masiku 21 pachaka pa zaka 5 zoyambirira, kenako masiku 30 pachaka, ndipo amawerengera pa besiki yokha, osati maalawansi. Ngati besiki yanu ndi madirham 1,200, pachaka mumasunga 840. Pa zaka 5 ndi 4,200 basi. Imeneyo ndiyo ndalama yoyambira moyo pobwerera kwathu, si ya fizi. Amene mumagwira ntchito zapakhomo muli ndi lamulo lanulanu, mutifunse padera.

Musatengenso ngongole ya kirediti kadi kapena ya katapila kuno chifukwa cha fizi. Ntchito ikatha ngongole imatsala, ndipo khoti likhoza kukuletsani kutuluka m'dziko muno. Mwanayo ayambe wapempha ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ngongoleyo ndi ya makwacha ndipo adzabweza yekha akamaliza. Inu muzithandiza pa chakudya ndi pogona, ndi ndalama yokhazikika mwezi ndi mwezi. Fizi muzilipira ku akaunti ya sukulu, risiti muione ndi maso anu.

Ndiye bambo uja tinamuyankha bwanji? Tinati mwana apite ku Zomba. Akabwera kuno ndi MSCE yokha, adzapeza ntchito ngati zathuzi, ndipo tonse tikudziwa pamene malipiro ake amalekezera. Koma tinamuuzanso kuti amufunse mwanayo ngati masamuwo amawakondadi, chifukwa digiri yosiyira panjira ndiyo yodula kuposa zonse. Asayembekezerenso kuti ndalama zidzabwerera chaka chomwe wamaliza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene muli ndi ana a Fomu 4 kapena osankhidwa kale, tsalani tikamaliza. Tili ndi mapepala ndi zolembera, tikhala pansi tiwerengere za aliyense payekhapayekha.