Mwana Akabadwa Masiku Asanakwane: Mawu a Mzamba kwa Makolo

Ena mwa inu mwauzidwa kuti pathupi panu pafunika kuyang'aniridwa mwapadera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, mapasa, kapena chifukwa munaberekapo masiku asanakwane. Mantha anu ndi omveka, koma mtima ukhale m'malo.

Mwana wobadwa masiku asanakwane ndi amene wabadwa sabata 37 zisanathe. Kuno ku United Kingdom, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 13 aliwonse amabadwa chotero, ndipo ambiri amakula bwino. Kawirikawiri chifukwa chake sichidziwika. Choncho mayi asadziimbe mlandu, ndipo achibale asamuloze chala.

Mukamva kupweteka kwa m'mimba kobwerezabwereza kapena msana kuwawa mwachilendo, mukaona magazi, nsupa ikasweka, kapena mwana akachepetsa kugunda, imbani foni kuchipatala cha amayi oyembekezera nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ngati magazi akutuluka kwambiri, imbani 999. Kufika msanga kumapereka mpata woti mubayidwe jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana. Ngati pathupi sipanakwane sabata 30, mudzapatsidwanso mankhwala a magnesium sulphate oteteza ubongo wake.

Zipatala monga Saint Mary's ku Manchester, Leeds General Infirmary, Jessop Wing ku Sheffield, Liverpool Women's ndi Royal Victoria Infirmary ku Newcastle zili ndi zipinda zosamalira makanda ofunika chithandizo chapamwamba. Mwana akafunika kusamutsidwa, amanyamulidwa ndi gulu la akatswiri. Ku Yorkshire gululi limatchedwa Embrace.

Mukamuona mwana wanu ali m'kabokosi kofunditsa, atazingidwa ndi timapaipi, musataye mtima. Zipangizozo zimamuthandiza kupuma, kudya ndi kusunga kutentha kwa thupi mpaka atakhwima. Kumeneko inu simuli alendo, ndinu makolo. Njira ya kangaru, imene ambiri munaiona m'zipatala za kwathu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, imagwiritsidwanso ntchito kuno. Mwana akagona pachifuwa cha mayi kapena bambo, khungu kukhudzana ndi khungu, amafundidwa ndipo amapuma modekha. Mkaka woyamba wachikasu uja, ngakhale madontho ochepa, umamuteteza ku matenda. Anamwino adzakuphunzitsani kufinya kwake.

Ana ambiri amatuluka m'chipatala cha m'masiku amene ankayembekezeka kubadwa. Poona kakulidwe kake mpaka zaka 2, timawerengera kuyambira tsiku limenelo. Mwana wa miyezi 6 amene anabadwa kutatsala miyezi 2 timamuyerekeza ndi wa miyezi 4. Akachedwa kukhala pansi, kumbukirani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Katemera yekha ndiye amawerengedwa kuyambira tsiku lenileni lobadwa.

Dziwaninso ufulu wanu. Womasulira amaperekedwa kwaulere, mupempheni. Palibe mayi amene amakanizidwa chithandizo cha uchembere chifukwa cha mapepala kapena ndalama, ngakhale ena amalipiritsidwa pambuyo pake. Kuyambira pa 6 Epulo 2025, makolo olembedwa ntchito angathe kupeza tchuthi chowonjezera chofika sabata 12 ngati khanda lagonekedwa masiku 7 kapena kuposerapo. Bungwe la Bliss limathandizanso mabanja otere.

Musaphonye sikelo, ndipo nambala ya chipatala chanu muisunge m'foni lero lomwe.