Amisiri a ku Chama ndi Ndalama za Boma

Boma la Chama liri m'cigwa ca Luangwa, kumpoto kwa Lundazi. Ndilo dziko la Asenga, la Mfumu Yaikulu Kambombo ndi mafumu ena monga Tembwe, Chikwa ndi Chifunda, ndipo mpunga wace udziwika kufikira ku Migodi. Koma cigayo ca mpunga cikafa, kapena mpope wa pa citsime ukathyoka, kawirikawiri mmisiri woukonza acokera kutali, ndipo m'dzinja, mitsinje itadzaza, anthu akhoza kumdikira masabata.

Kusowa kwa amisiri si kwa lero ai. M'masiku a Azungu nchito zaumisiri pa migodi zinasungidwira azungu okha, ndipo Mwafirika anali wonyamula zipangizo cabe. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linaitana katswiri wa ku Canada, W. A. B. Saunders, amene mu 1967 analangiza kuti maphunziro a umisiri akonzedwe bwino ndi kupatsidwa ulemu. Bungwe la TEVETA, loyang'anira sukulu zimenezi, linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998.

Ndalamazo zidzera njira ziwiri zimene munthu wa pa mgodi ayenera kuzidziwa. Yoyamba ndiyo msonkho wa maphunziro a umisiri, umene unayamba mu 2017. Pa K100 iriyonse imene kampani ilipira anchito ace, iperekanso 50 ngwee ku Boma. Ndalama imeneyi icokera m'thumba la kampani, siidulidwa pa malipiro a wanchito. Komabe ikula ndi thukuta lace, cifukwa iwerengedwa pa malipirowo. Yaciwiri ndiyo CDF, thumba la citukuko ca dera la phungu ali yense. Mu 2021 dera limodzi linkalandira K1.6 miliyoni; mu 2022 linalandira K25.7 miliyoni, ndipo gawo lina linapatulidwa kuti lilipirire acinyamata ofuna kuphunzira umisiri. Caka cimeneco Chama inali ndi madera awiri, Chama North ndi Chama South.

Zimenezi nzoyamikika, koma pali mpata umene aphungu sayenera kuulumpha. Thandizo lotere lilipirira mwana sukulu; silimanga nyumba yophunziriramo, siligula makina, ndipo silisunga mphunzitsi kumudzi. Tsono mnyamata wa kwa Chifunda atenga ndalamazo napita ku Chipata Trades, kapena ku NORTEC ku Ndola, kumene kuli makina. Atatha maphunziro apeza nchito komweko, nakwatira komweko. Palibe womdzudzula, pakuti nayenso afuna kudya. Koma ndalama za Chama zaphunzitsa mmisiri wa m'tauni, ndipo cigayo cija cikali cakufa. Kwa atsikana nkobvuta koposa, popeza makolo ambiri aopa kutumiza mwana wamkazi kutali cotero.

Cifukwa cace Asenga okhala ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Chingola, pamodzi ndi abale ao kumudzi, ali ndi mau oti anene kwa aphungu. Pempho likhale lolunjika: kuti ndalama za msonkho uja zifike ku sukulu za umisiri pa nthawi yace, ndi kuti gawo lace limange malo ophunzirira m'Chama mwenimweni, okhala ndi makina oocherera zitsulo, zipangizo za ukalipentala ndi za magetsi, ndi nyumba za aphunzitsi.

Nthawi yolankhula ndiyo pamene nduna ya zacuma iika bajeti pamaso pa Nyumba ya Malamulo, kumapeto kwa caka, aphungu asanabvomereze. Kalata ya munthu mmodzi itayika msanga pa tebulo la phungu. Kalata yosainidwa ndi komiti ya citukuko ya wadi, ndi mfumu, ndi anthu a ku Migodi ocokera ku dera lomwelo, phungu aiwerenga kawiri, pakuti ambiri a iwo ndiwo adzaponya voti.